Khola la Kabu

Khola linafika Lolemba m'mawa lili m'chikatoni chachikulu, moti wobweretsa katunduyo anachita kupempha a Shigeo Kuwabara kuti agwireko mbali imodzi. Atangolitsitsa pakhonde, foni inalira. Anali Chizuru, mwana wawo mmodzi yekhayo, akuimba kuchokera ku mzinda wa Sendai.

"Lafika eti, ababa?"

"Chafika chinyumba. Ukufuna ndiwete chimbalangondo?"

"Ndi la Kabu. Mulimange kumbuyo kwa kalole ndi malamba anayi ali momwemowo, kona iliyonse lamba wake, pamwamba mufunditse chilona. Lachisanu kuli katemera wa chiwewe ku holo. Ine ndikwera sitima ya m'mamawa, mukandipeza komweko. Kabu akafika ali m'khola, nkhani yatha. Koma akafika atakhala pampando wakutsogolo, makiyi mundipatsa pomwepo, tikabweze laisensi ku polisi."

"Iwe, ine ndinayamba kuyendetsa galimoto usanamere ndi dzino lomwe."

"N'chifukwa chake ndikutero, ababa. Lachisanu."

Mlandu wake unali wa mu Febuluwale. Mphaka anadumpha msewu pafupi ndi sitolo ya tofu, chakudya chija cha soya, ndipo Kabu, chigalu choyera cholemera ngati thumba la mpunga, anaona kuti zenera labwino louwira mphaka ndi la dalaivala. Anadutsa pamiyendo pa a Shigeo osapempha njira. Kwa kanthawi a Shigeo sanaone china koma ubweya, ndipo pamene msewu unaonekanso, kalole kanali mu ngalande, galasi la pamsewu loonera magalimoto pakona lili chagada. Palibe anavulala. Koma Chizuru amagwira ntchito ku kampani ya inshulansi, kumene tsiku lonse amangoyang'ana zithunzi za magalimoto ophwanyika, ndiye kwa iye ngozi yaing'ono kulibe.

Kuno ku Okuzawa munthu wopanda makiyi watha. Sitolo ili kumunsi kwa chigwa, basi imabwera kawiri patsiku ikakhala kuti yakondwa, ndipo munda wa mpunga wa a Shigeo uli kutsidya kwa mtsinje. Iwo ankadziwa bwino mmene zikanatsatirana: makiyi akapita, munda upita, kenako nyumba, kenako iwo eni akapezeka pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri ku Sendai akuyang'ana madenga a anthu. Ndipo m'nyumba zimenezo salola galu, ngakhale kagalu kokwana m'thumba la jekete. Pa zaka 78, chimene a Shigeo ankaopa si imfa ayi. Ankaopa tsiku lopereka chingwe cha Kabu m'manja mwa mlendo.

Vuto linali lakuti mpando wakutsogolowo Kabu sanachite kuulanda. Unali wa mayi ake a Chizuru, a Kikue. Tsiku lotsatira maliro awo, zaka zitatu zapitazo, galuyo anangokwera n'kukhalapo, ndipo a Shigeo analibe mtima womutsitsa.

Lachiwiri anayesa ndi nsomba youma. Anaiika pakati pa khola. Kabu anatalikitsa khosi, miyendo inayi yonse ili panja, natenga nsomba. Lachitatu anamangirira soseji kumapeto kwenikweni kwa khola. Kabu anazungulira kuseri, nayikoka ndi lilime pakati pa mawaya. Lachinayi a Shigeo anataya ulemu, nakankha galuyo ndi phewa kumatako. Kabu anangokhala pansi. Amene anawetapo galu wa mtundu wa Akita akudziwa kuti akakhala pansi, zokambirana zatha. A Shigeo anamupempha, anamuopseza, anamufotokozera za Sendai, mpaka anamuweramira monga amaweramira akuluakulu a boma. Kabu anakana kwamtuwagalu, nayasamula.

Lachisanu kunacha bwino. Mtsinje wa kuseri kwa nyumba unali kulindima ndi madzi osungunuka kumapiri. A Shigeo anakweza khola pa kalole, pamene kamaima masiku onse m'mbali mwa mtsinjewo, namanga malamba anayi aja mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Pa ntchito ya manja munthuyu simungamunene. Analigwedeza kholalo ndi manja awiri, ndipo chimene chinagwedezeka ndi kalole konse. Pamwamba anafunditsa chilona chobiriwira, nasiya kukhomo kokha.

Kabu anakwera kumbuyoko yekha, nakhala pambali pa khola akuyang'ana akhwangwala.

Nthawi inali itatsala pang'ono kukwana teni koloko, ndipo dokotala wa ziweto amaima pa holo mphindi makumi awiri zokha, kuyambira 10:40, kenako amathamangira chigwa china. Apa mpamene nzeru inawafikira a Shigeo, nzeru ya mtundu uja imabwera kwa munthu amene wasowa pogwira. Galu amaphunzira poona. Mwina Kabu sankadziwa kuti m'kholamo munthu akhoza kulowa n'kukhalabe ndi ulemu wake.

Anavula jombo, chifukwa khola la galu nalonso ndi nyumba ya wina, ndipo munthu woleredwa salowa m'nyumba ya wina ndi nsapato. Anaziyala bwinobwino paudzu, mbali ndi mbali, nakwera pa kalole ndi masokosi.

"Taona kuno, Kabu. Umayamba mutu. Kenako mapewa. Waona? Palibe chovuta. Muno ndi mwabwino zedi, mphepo mulibe." Anakwawa mpaka kumapeto, natembenuka movutikira, nakhala chonyonyomala atatambasula dzanja la soseji. "Bwera, mnzanga. Malo alipo."

Kabu anabwera. Anatenga soseji mwaulemu, osakhudza ndi chala chomwe. Kenako anabwerera chambuyo, ndipo potembenuka thako lake linagunda chitseko. Chinangoti khethe!

Galuyo anadumphira pansi, nalowa pa chitseko cha kutsogolo chimene chinali chosatseka. Kudzera pa kazenera ka kumbuyo a Shigeo anaona makutu awiri oyera akukhazikika pamalo pake.

Amene anapanga loko wa kholalo anali anthu odziwa kuti galu sagona poganizira zothawa. Kunja umafinya tizitsulo tiwiri n'kupotokola. M'kati mulibe chogwira. A Shigeo anapisa zala pakati pa mawaya, koma zala za mlimi wa mpunga sizinapangidwire ntchito yotere. Foni inali kutsogolo, pafupi ndi Kabu.

Akanatha kukuwa. Nyumba za anzawo sizili patali. Koma ku Okuzawa nkhani imafika kumunsi kwa chigwa basi isananyamuke, ndipo Chizuru akanamva kuti bambo ake adzitsekera m'khola la galu, sakanathera pa laisensi pokha, akanawatengera kwa dokotala wa mutu. Choncho atamva mapazi pamiyala, a Shigeo anakola chilona ndi chala, nachigwetsera kukhomo kwa khola.

"Odi, alamu! Alamu! Mwafa kodi?"

Anali a Tsuyako Onodera, mng'ono wawo wa malemu a Kikue. Amakhala nyumba yachitatu kumtunda, ndipo m'mawa uliwonse amabwera ndi kambale ka nkhaka zamchere kudzaona ngati alamu awo akadali moyo, kuti awatsutse. A Shigeo anawamva akulowa m'nyumba, akutsekula zitseko, akugogoda kuchimbudzi, kenako akutulukanso.

"Kabu, abwana ako ali kuti? Iwe wakwera kale ngati nduna, chitatanga chako chili gwa kumbuyoku. Lero makiyi apita basi."

Mapazi anazungulira kalole. Kenako anaima.

"Mayo ine," anatero a Tsuyako ndi mawu aang'ono.

Anali ataona jombo. Kwathu kuno, nsapato ziwiri zoyalidwa bwino m'mphepete mwa mtsinje wodzaza, mwini wake osaoneka, zimanena chinthu chimodzi chokha: munthu wadziponya m'madzi. Ndipo a Tsuyako ankadziwa mmene nkhani ya makiyi inkawadyera alamu awo sabata yonseyo. A Shigeo anawamva akuthamangira kugombe, akuitana dzina lawo, kenako akuimba foni ku ofesi ya mudzi.

Apa ndiye panali poyankhulira. Anatsekula pakamwa kawiri konse. Koma poyamba ikanangokhala nkhani ya munthu wotsekeredwa m'khola, pamene tsopano inali nkhani ya munthu wotsekeredwa m'khola amene wamvetsera mlamu wake akulira, iye ali phee. Mphindi iliyonse yodikira inkakulitsa mlandu. Paja manyazi anapha lambe.

Posakhalitsa chimkuzamawu cha pa mtengo wa pafupi ndi mlatho chinaimba kabelu kake kanayi, ndipo kalaliki wa ku ofesi anayamba kulengeza. Amayankhula pang'onopang'ono mnyamata ameneyo, kudikira kuti mapiri amalize kubwereza.

"Kuno ndi ku ofesi ya mudzi... Tikufunafuna... a Shigeo Kuwabara... a zaka 78... amene asowa m'mawa uno."

A Shigeo anatsinzina.

"Ndi aafupi... Ali ndi dazi... Avala malaya a ntchito otuwa... Alibe nsapato."

Zonsezi anazilandira. Zinali zoona.

"Miyendo yawo... ndi ya matewe."

"Matewe," linavomera phiri la kum'mawa. "Matewe," linatsimikiza la kumadzulo.

"Wa matewe ndani?" anakuwa a Shigeo.

Kunja kunati zii. Kenako chilona chinatukuka, ndipo nkhope ya a Tsuyako inasuzumira, maso ali psuu, mphuno ikuchucha. Anayang'anana. A Tsuyako anavula chipewa chawo cha kumunda, namenya nacho khola katatu ndi mphamvu zawo zonse. Atatero anakhala pansi paudzu, naseka mpaka kugwira nthiti.

"Alamu! Mwasamuka osatsanzika?"

"Tsekulani."

"Nyumba yabwino. Bafa lili mbali iti?"

"Tsuyako, tsekulani chitsekochi!"

"Achemwali anga ankanena kuti anakwatiwa ndi galu wokalamba. Ine ndinkayesa akungonyoza."

"Za matewe zija munawauza ndinu?"

"Anandifunsa zizindikiro. Ndikananena chiyani, kuti ndinu okongola? Bwenzi akubweretsa munthu wina."

Anakwera pa kalole nagwira loko. Koma zala zawo zinapindika kale ndi nyamakazi, ndipo kamphamvu kotsalako kankathawa nthawi iliyonse akayang'ana alamu awo ali nyonyomale, mawondo m'makutu. Anafinya, naseka. Anafinyanso, nasekanso. Wotchi ya pa mkono wa a Shigeo inati 10:35.

"Dikirani ndiimbe ku ofesi kuti mwapezeka," anatero a Tsuyako akupukuta misozi.

"Akafunsa kuti ndapezeka kuti?"

"Ndinena zoona. Ine ndine munthu wopemphera."

"Musaimbe. Tiyeni kwa Kumagai wocheka matabwa, ndi panjira pomwe. Ali ndi zala zachitsulo ndipo sayankhula. Akanditsekulira, ndikafika ku holo ndili pa chiwongolero ngati munthu, ndikanena kuti ndinapita kukathyola ndiwo m'phiri."

"Opanda nsapato?"

"Yendetsani galimoto, alamu!"

Zoseketsa zonse za tsikuli a Shigeo tingawakhululukire, koma ichi chokha ayi. Anaganiza za nkhope yawo, osaganiza kuti chimkuzamawu china chili pa denga la holo, ndipo pansi pake paima mwana wawo.

A Tsuyako anaponya jombo kumbuyo, nakhala pa chiwongolero. Galimoto ya magiya anali asanaigwire zaka makumi awiri. Kalole kanadumpha katatu ngati chule, kenako kanagwira msewu. Kabu anatulutsa mutu pa zenera, lilime lili panja, mosangalala kuti lero zinthu zili m'malo mwake: iye kutsogolo, katundu kumbuyo.

M'kholamo a Shigeo anazindikira chinthu chimene sanafune kuchizindikira. Munali mwabwino. Pansi panali mphira wosaterera, mphepo inkadutsa pamwamba pa chilona, ndipo ngakhale a Tsuyako ankakhota ngati akuthamangitsidwa, khola silinasunthe ndi pang'ono pomwe. Anayamba kuganizira mmene adzamuuzire Chizuru kuti malamba ndi amene ali abwino, osati kholalo.

Pakona ya mitengo ya mikungudza, nguluwe inatulukira mumsewu ndi ana ake asanu. A Tsuyako anaponda mabuleki ndi miyendo yonse iwiri.

A Shigeo anasendera kutsogolo pang'ono, phewa n'kutsamira waya. Basi. Malamba anagwira. Koma kutsogolo kunamveka gu! Kenako kulira kumene sanakumvepo kwa Kabu chikulire, kulira kopyapyala kwa kamwana ka galu. Kunamveka kamodzi, kenako kunati zii.

"Kabu!"

Chilona chinali chitatsetsereka n'kutseka kazenera. Sankaona kanthu. Anagwira mawaya nagwedeza, koma anali atamanga okha, ndipo anamanga bwino.

"Kabu! Tsuyako, wachita chiyani? Yankhulani! Kabu!"

Anachita mantha a Shigeo. Galu wawo anali pafupi, mwina mkono umodzi kuchokera pamene anali, ndipo iwo sakanatha kumuona kapena kumugwira. Akanatha kungomvetsera. M'kanthawi kameneko anakumbukira ulendo uliwonse wa zaka zitatu, kona iliyonse, mabuleki alionse, chigalu chili pampando chosamangidwa ndi kanthu, iwo akuyesa kuti akuchichitira ulemu.

Chitseko cha kutsogolo chinatsekuka. A Tsuyako anabwera kumbuyo nkhope ili mbuu.

"Wamenya mphuno kutsogoloku, wagwera pansi pa mpando. Akupuma. Pali magazi pang'ono."

"Tsekulani."

Ulendo uno panalibe kuseka. A Tsuyako anaika zala zazikulu ziwiri pa tizitsulo tija, naluma mano, nabuula, ndipo loko anatsekuka. Koma a Shigeo asanatulutse ndi mutu womwe, chinthu choyera chinakwera pa kalole chikunjenjemera, n'kudzipanikiza pakhomopo. Kabu analowa m'khola yense, mchira ndi zonse, nabisa mutu m'khwapa mwa a Shigeo.

Malo analipodi, koma a munthu mmodzi ndi theka. A Shigeo, tsaya litakanikizidwa ku waya, anapapasa miyendo ya galuyo umodziumodzi, nthiti, msana, mano. Zonse zinalipo. Mlomo wokha ndiwo unang'ambika pang'ono.

"Pepa, mnzanga," anatero. "Pepa ndithu."

"Walowatu," anatero a Tsuyako. "Tulukani msanga nditseke."

A Shigeo anatulutsa mwendo umodzi. Kabu anadzuka kuti atsatire. Anabweza mwendo. Kabu anagona. Anayesanso ndi mwendo winawo, poganiza kuti mwina galu sawerenga miyendo. Kabu anadzuka. Wotchi inati 10:52.

A Shigeo anayang'ana wotchi, nayang'ana magazi a pa malaya awo.

"Tsekani," anatero.

"Alamu, mudzi wonse uli ku holo."

"Ndikudziwa. Tsekani. Ndipo muyendetse ngati munthu wamkulu."

Pa bwalo la holo panali agalu oposa makumi awiri ndi eni ake, ndipo kuwonjezera apo panali gulu lozimitsa moto la mudzi, litavala zipewa zachitsulo, litanyamula zingwe ndi nsungwi zazitali zofufuzira m'madzi. Timawatchula kuti anyamata, ngakhale wamng'ono pa onse ali ndi zaka 61. Anali atagawana kale magombe a mtsinje pamene kalole kanalowa pabwalo, kakutsokomola, n'kuzima kokha pakati penipeni. Chilona a Tsuyako anali atachipindira pamwamba kuti apaulendo apume.

Aliyense anaona. Panalibe njira yosaonera. Mkulu wa komiti ya madzi a m'minda kwa zaka khumi ndi zisanu anali m'khola la galu, atavala masokosi, atakumbatira galu.

Ndiye anthu a ku Okuzawa anachita chimene amachita bwino kuposa anthu onse. Onse pamodzi anatembenukira kuphiri.

"Chaka chino madzi achuluka," anatero wina.

"Achulukadi. Mbande zichedwa."

"Mphepo nayonso."

Mkulu wa ozimitsa moto anayandikira, naweramira tayala la kumbuyo, nati, "Mwafika bwino, a Kuwabara." A Shigeo anayesa kubweza ulemuwo, nagunda chipumi pa waya. Kalaliki anathamangira mu ofesi, ndipo kabelu kanaliranso.

"A Shigeo Kuwabara... apezeka... ali bwinobwino... Kumene apezeka... sitinena."

Dokotala wa ziweto yekha ndiye anali wochokera kutauni, ndiye analibe mwambo. Anafika ndi jakisoni m'manja, nasuzumira m'khola.

"Ndiyambire uti?"

Wina kumbuyo anatsamwa. Dokotalayo anatsekula loko ndi zala ziwiri ngati masewera, nabaya Kabu pakhosi, nayang'ana mlomo uja.

"Wachita chiyani apa?"

"Anali kutsogolo," anayankha a Shigeo. "Tinakumana ndi nguluwe."

"Ali ndi mwayi. Chaka chatha ndinasoka wina amene anatulukira pa galasi. Mlomowu upola wokha." Anapachika kachitsulo ka katemera pa kolala, napita kwa galu wotsatira.

Atachoka dokotala, a Shigeo anaona nsapato ziwiri za mu ofesi zitaima kumbuyo kwa kalole. Zinali matope okhaokha mpaka m'akakolo. Anakweza maso. Chizuru tsitsi linali litamasuka, siketi itanyowa m'munsi, ndipo m'dzanja lake munali makiyi, amene a Tsuyako anamupatsa asanapemphedwe n'komwe.

A Shigeo anayesa kumwetulira.

"Unati galu afike ali m'khola. Wafika."

Chizuru sanaseke.

"Mphindi makumi atatu, ababa. Ndakhala mwana wamasiye mphindi makumi atatu. Ndinali kumtsinje uko, ndikusuzumira pansi pa mlatho, ndikupemphera kuti ndisaone malaya otuwa. Amayi aang'ono akuti munawaletsa kuimba foni."

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi!"

Anthu anapitiriza kuyang'anitsitsa phiri. Ngakhale agalu anakhala chete, kupatula kagalu ka a Kumagai kamene kalibe khalidwe.

A Shigeo anakhala kanthawi akusisita khutu la Kabu.

"Panjira paja," anatero, "ndinamumva akulira, koma sindimamuona. Ndinali wotsekeredwa muno, iye ali pomwepa, ine osatha kuchita kanthu. Sizinathe ndi mphindi imodzi yomwe, koma ndimayesa ndifa." Anayang'ana mwana wawo. "Iwe ku Sendai umakhala choncho eti? Foni ikalira?"

"Tsiku lililonse," anatero Chizuru. "Chimwalirire amayi."

"Ine ndimayesa umangofuna kundilamulira."

"Ndimafunanso zimenezo," anatero Chizuru, napukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja lija la makiyi.

"Makiyiwo ukawatenga, sindidandaula. Ndalakwa. Koma Kabu yekha usamupereke kwa munthu amene sindikumudziwa."

Chizuru anagwira bambo ake pamkono nawathandiza kutuluka, zimene zinatenga nthawi, chifukwa mawondo anali ataiwala ntchito yawo. Atangoponda pansi, Kabu naye anatuluka naima pambali pawo. Chizuru analoza khola. Kabu anayang'ana akhwangwala.

"Nanga pobwerera alowa bwanji?"

"Yekha salowa," anatero a Tsuyako. "Amafuna munthu wogona naye. Ine musandiyang'ane, msana wanga ndi wa dokotala."

"Ndilowanso ine," anatero a Shigeo. "Iwe uyendetse."

Chizuru anayendera kholalo mbali zonse. Anakoka lamba woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi, mmene amachitira munthu amene amadziwa zimene zimachitika lamba akamasuka. Palibe anagonja. Anaima, nayang'ana makiyi nthawi yaitali.

Kenako anatenga dzanja la bambo ake, naikamo makiyiwo, nalifumbatitsa. Anakwinya siketi yake ya ku ofesi, nakwera pa kalole, nakwawira m'khola pamaso pa mudzi wonse, umene unali kuonetsetsa kuti sukuona.

"Kabu, bwera."

Kabu ananunkhiza pakhomo, nayang'ana a Shigeo, nalowa.

"Ndatenga tchuthi cha sabata," anatero Chizuru ubweya uli m'kamwa. "Mawa tiyamba kumuphunzitsa kukhala yekha muno, pang'onopang'ono, monga zalembedwera pa pepala la m'chikatoni limene simunawerenge. Mukadzakolola mpunga tidzakambirananso za makiyi. Amayi aang'ono, tsekani." Loko anati khethe. "Ababa."

"Ee?"

"Mukumbuke zimene mwanyamula."

A Tsuyako anati iwo ayenda wapansi, zokwera galimoto zawakwana lero, ndipo anayamba ndi iwo kufika kunyumba. A Shigeo anatuluka pabwalo la holo pa giya yoyamba, manja onse awiri pa chiwongolero, ndipo giya yachiwiri sanaiganizire n'komwe. Pa kona iliyonse ankaima n'kuyang'ana mbali zonse kawiri. Mzere wa magalimoto unatalika kumbuyo kwawo, koma palibe analiza hutala. Pa kazenera ankaona makutu awiri oyera ndi mutu wa mwana wawo utatsamira waya. Atafika pa mlatho msewu unayamba kusaoneka bwino, ndipo iwo, amene kale akanangopitirira, anapatukira kumbali, naima, napukuta m'maso mpaka anaonanso bwinobwino.